Ukonde wa Matrona

Larsen Bay, Kodiak
9 Januwale 1984

Mwana wanga Fedosia,

Ndikhulupirira uli bwino ku Seattle kwakoko ndipo sukulu ya unamwino siikukuwondetsa. Kuno tilipo. Azakhali ako Agripina ali bwino, pakamwa pokha ndiye sipapuma. Dzana oimba a tchalitchi anabwera ndi nyenyezi ya Khirisimasi yathu ya mu Januwale m'nyumba mwathu. Anaimba bwino, koma ine maso anali pampando wa amayi ako, ndipo tiyi ndinawapatsa wopanda shuga osazindikira.

Ndakulembera chifukwa cha ukonde. Ukukumbuka momwe tinauvuulira mu Ogasiti, tsiku limene amayi ako anakomoka m'boti ndege n'kudzawatenga. Zotsuka panalibe amene anaziganiza. Ine ndi Gavril, mnansi wathu, tinangoukulunga n'kuuponya m'shedi, jelifishi onse, zilombo zoterera zowotcha khungu zija, ali momwemo. Ndipo chaka chathachi ofiirawo anachuluka kuposa nsomba. Amene tinamukweza m'mawa umenewo mutu wake unali waukulu kuposa chitseko cha shedi, tsitsi lake likukokeka kumbuyo, kutalika kwake maboti angapo. Amayi ako anaseka nati, "Aphunzitsi aja ankati dzina lake ndi manyenje a mkango. Manyenje ndawaona, koma mkango wake ndi phala." Aka kanali komaliza kuwamva akuseka.

Ndimakhala ndikuchiganiza chinthu chimenechi. Fupa chilibe, magazi chilibe, mtima chilibe. Chimayamba mu Epulo chili ngati chikhadabo, pofika chisanu chafa kale n'kumavunda pagombe, koma pakati pakepo chimatiliza amuna a ndevu zathu.

Ukondewo wang'ambika malo ambiri chifukwa cha kulemera kwawo. Ndi umene amayi ako anamanga okha, mfundo iliyonse kuyambira kumtunda mpaka kunyanja. Wina ndilibe, ndipo sindiufuna. Uyenera kulowa m'madzi akadzatsegulira nyengo yogwira nsomba za salimoni mu Juni. Mwambo wa gombe lino ukuudziwa: malo ndi a munthu amene amatcherapo chaka ndi chaka. Ukadumpha chaka chimodzi wina amakhomapo chikhomo chake, ndipo palibe angamutche wakuba. Pa Mwala wa Khwangwala anatcherapo agogo ako, ndatcherapo ine ndi amayi ako, ndipo sindifuna kuti pathere m'manja mwanga.

Panopa ukondewo waundana gwa ndi chisanu, ngati mwala. Ndimaugogoda ndi nyundo kuti ndifunyulule pang'ono, zala n'kuchita dzanzi ndisanasoke ndi diso limodzi lomwe. Unditumizire ulusi wobiriwira uja ndi singano za ukonde, kusitolo kuno kulibe. Undiuzenso ngati ukudya.

Ine bambo ako,
Larion

Seattle
22 Januwale 1984

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndailandira ndipo ndakondwa kumva kuti mulipo. Ine ndili bwino, ndikudya, ngakhale nsomba za kuno zimakoma ngati pepala lonyowa. Mvula ndi ya tsiku ndi tsiku. Ulusi ndi singano ndaika m'phukusi lomweli, pamodzi ndi masokosi aubweya. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti salimoni wowamba amene ananditumizira anandibera anzanga.

Sabata yatha mnzanga wina ananditengera kumalo kumene amasunga za m'nyanja m'magalasi. Bambo, mukanaseka. Munali wofiira mmodzi wamng'ono, akumuwalitsira nyali, anthu atamuunjirira n'kumati, "Taonani kukongola!" Ine tsaya langa linayamba kuyabwa lokha. Ndinakumbuka tsiku lija tsitsi lake linandikwapula kumaso ndili mwana, ine n'kuthamangira mgolo wa madzi akumwa, amayi n'kundigwira pakhosi pa malaya nati, "Madzi abwino amamudzutsa ameneyo, tsuka ndi amchere a m'nyanja!" Anandiviika mutu m'nyanja ngati chovala. Nditasiya kulira anandionetsa tinsomba tating'ono tikubisala pansi pa mutu wa wina, osawotchedwa, ndipo ndinakwiya kwambiri kuti tinsombato akutisiya koma ine ayi.

Tsopano ndimvereni. Za nyundo ndi dzanzi zija sizinandisangalatse. Chifuwa chanu si cha mnyamata, ndipo kuno ndikuona tsiku ndi tsiku zimene chisanu chimachita ndi mapapo a anthu a msinkhu wanu. Musamakhale m'shedi ija, muli ming'alu yokhayokha. Pezani malo ofunda, otsekeka bwino, osalowa mphepo. Kamodzi kokha pamoyo wanu mverani mwana wanu.

Pali china chimene ndakhala ndikuchizengereza. Chaka chino sindibwera mu Juni. Atiika m'chipatala kuyambira Juni mpaka Seputembala, ndipo ndiwo mapeto a maphunziro. Amene wajomba amachotsedwa, malo ake n'kupatsidwa wina. Ndikudziwa kuti m'boti simungakhale nokha. Mwina Gavril angakupezereni munthu. Ndikulemba izi mtima ukundipweteka, chifukwa ndi chaka choyamba amayi kulibe, ndiye inenso kulibe.

Mundiyankhe ndi ndege yotsatira.

Mwana wanu,
Fedosia

Seattle
20 Febuluwale 1984

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ngakhale sindikudziwa, chifukwa mwezi wakwana osamva kanthu. Tsiku lililonse ndimatsegula kabokosi ka makalata n'kupeza mapepala otsatsa malonda. Ndinaimba foni ya kusitolo kwanuko, mkazi wa mwini sitolo anangoti, "Bambo ako alipo," n'kuyamba kundifunsa za mitengo ya nsapato kuno.

Ngati mwakwiya chifukwa cha Juni, nenani. Ndikudziwani, mukakwiya simukalipa, mumangokhala duu mpaka munthu kudziona ngati galu wakuba. Munatero nditanyamuka maliro atangotha, ndipo ndinapirira. Koma amene munandikweza ndege yobwera kuno ndinu, amene munauza mudzi wonse kuti mwana wanga adzakhala namwino ndinunso. Lero mukufuna nditaye zonsezo chifukwa cha mwala? Inenso ndimaukonda mwala umenewo. Ndimaulota. Koma sindingakhale malo awiri.

Ngakhale mizere iwiri yokha, Bambo. Ngakhale yonditukwana. Phukusi lija linafika?

Mwana wanu,
Fedosia

Larsen Bay
4 Malichi 1984

Fedosia mwana wanga,

Ndine azakhali ako. Moni sindichulutsa chifukwa nkhani si yabwino. Khala pansi kaye. Bambo ako ali moyo, ayi sanakwiye, koma sangakulembere chifukwa sakuona. Anandiletsa kukuuza, analetsa mudzi wonse, koma kalata yako yachiwiri ija itafika ndinati ayi, mwanayu azidzidya mtima mpaka liti.

Phukusi linafika. Mlongo wangayu anawerenga kalata yako, anaipinda, m'mawa mwake ndinamuona akukoka ukonde pa chilei chokokera pachipale chofewa, kupita nawo kubanya, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi kaja. Anasonkha moto mpaka miyala kufiira, osati kuti asambe nthunzi ngati anthu, koma kuti ukonde usungunuke. Ndinaima pakhomo ndinati, "Larion, wazungulira mutu? Muli ofiira m'menemo."

Iye anati, "Anafa kalekale amenewo. Chisanu chawatafuna miyezi yonseyi, atsala ndi mphamvu yanji?"

Ndinati, "Nanga bwanji osadikira Epulo, usokere panja pamphepo ngati anzako?"

Anati, "Epulo ndidzakhala ndikukonza injini. Komanso mwana wanga wati ndipeze malo ofunda. Iwe unaphunzira unamwino kuti?"

Munthu amene chibadwire sanamverepo mayi ake, mkazi wake, wansembe, ngakhale ine, anasankha tsiku limenelo kuti ayambe kumvera. Sindikukuimba mlandu, mwana wanga, Mulungu akundiona. Iwe unkanena za chifuwa. Amene ankadziwa zimene zili muukonde ndi iye.

Anaupachika m'banyamo nausiya masiku angapo moto uli chiyakire, mpaka unauma kuti gwa. Kenako analowa ndi singano zako, natseka chitseko kuti kutentha kusatuluke, n'kuyamba kuukutumula. Ukudziwa kuchepa kwa kanyumbako, denga lake munthu amaweramira. Ofiira onse a chilimwe chija anali atasanduka fumbi. Ndinamva kutsokomola ndili kwanga, ndipo potuluka ndinamupeza akukwawa pachipale chofewa, akudzitikita m'maso ndi magolovesi omwewo amene anagwirira ukonde. Ndisanafike anali ataviika kale nkhope mumgolo wa madzi osamba. Iyeyo, amene wakalambira kuuza ana a eni kuti madzi abwino ayi! Koma kunyanja kunali kutali, ndipo njira sankaiona. Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa mwamuna.

Tsiku loyamba anakana zachipatala, akuti ofiira amamuwotcha chaka chilichonse ndipo kumacha zitatha. Sizinathe. Pomwe anavomera, mphepo inali itayamba, ndipo ndege sinatere kwa sabata yoposa. Mayi wa pakachipatala kathu anayesetsa ndi timankhwala take todontheza, akulankhula ndi adokotala pawayilesi, koma maso anatupa n'kuyamba mafinya. Titafika naye m'tauni ya Kodiak adokotala anangopukusa mutu. Lakumanzere lapita. Lakumanja limaona kuwala kwa windo ndi mthunzi wa munthu akadutsa, ndipo akuti mwina lidzawonjezerako pang'ono, mwina ayi.

Tinabwerako sabata yatha. Akukhala kwanga, akudya piroki wanga, chitumbuwa cha nsomba chija, n'kumanena kuti wa Matrona, amayi ako, ankaposa. Kalata yako ndinamuwerengera yonse, ndi za galu wakuba zomwe. Anangotembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati, "Ukonde uja mwautulutsa m'banya? Ungadyedwe ndi mbewa." Ndinafuna kumugenda ndi ketulo. Gavril anautulutsa atadzimanga nsalu yonyowa kumaso, anautsuka m'nyanja, ndipo uli pamitengo panja.

Za Juni palibe amene akuzitchula. Gavril akabwera amakamba za nyengo basi, koma ndimamuona akuyang'ana cha ku Mwala. Si munthu woipa, ali ndi ana ake ofuna malo.

Ulembe. Ndidzamuwerengera.

Azakhali ako,
Agripina

Seattle
13 Malichi 1984

Okondedwa Bambo, ndi inu azakhali amene mukuwerenga,

Sindikudziwa poyambira. Kalata ndinaiwerengera pamasitepe, ndipo mayi wa nyumba ino anachita kudzandidzutsa. Mawu anga aja, akanakhala omezeka ndikanawameza. Ndipo pamene inu munali mumdima ine ndinali kuno kukulemberani zamwano. Mundikhululukire.

Ndaganiza, ndipo musandibweze. Ndikubwera kumayambiriro kwa Meyi. Mawa ndikaonana ndi mkulu wa sukulu kukamuuza kuti malo anga apatse wina. Chiphaso cha ukonde mulembetse dzina langa. Manja ndili nawo, maso ndili nawo, ndipo mfundo ya amayi ndimaidziwa, anandiphunzitsa akundimenya zala ndi singano. Ndidzausoka panja, pamphepo, inu mutakhala pambali n'kumandinyoza. Injini mudzandiuza ndi khutu pomwe yalakwika. Mu Juni ukonde wa amayi udzalowa m'madzi pa Mwala wa Khwangwala monga chaka chilichonse, ndipo Gavril ayang'ane kwina.

Unamwino ulipobe, suthawa. Mwina ndidzayambiranso chaka china, mwina ayi. Anamwino ndi ambiri padziko, koma inu muli ndi mwana mmodzi.

Azakhali, mankhwala odontheza aja musadumphitse, ndipo musambe m'manja musanawagwire kumaso. Akakana muwauze kuti ndanena ndine, poti masiku ano akumvera.

Mwana wanu,
Fedosia

Larsen Bay
25 Malichi 1984

Mwana wanga Fedosia,

Akulemba ndi azakhali ako, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti akawonjezera zawo ndidzadziwa.

Kalata yako ndaimva, ndipo ndinawauza abwereze. Choyamba, za kukhululuka uzisiye. Ine ndakalambira panyanja. Ndinkadziwa kuti wofiira amawotcha ali moyo, amawotcha atafa pagombe, amawotcha kachidutswa kake katatsalira pachingwe. Ndinadziuza kuti chisanu chamumaliza chifukwa ndinkafuna kugwira ukonde wa amayi ako m'manja, pamalo ofunda, ndili ndekha. Ukanapanda kulemba iwe ndikanapeza chifukwa china.

Chachiwiri, dzulo ndinatumiza Agripina kufoni ya kusitolo kuti aimbire mkulu wa sukulu yako. Mudzi wonse unamvetsera, ndipo zilibe kanthu. Mayiyo wati malo ako sanapatse munthu, akudikira mpaka kutha kwa mwezi. Upite ukamuuze kuti unalankhula ndi chisoni.

Chachitatu ndi ichi. Pa Mwala wa Khwangwala ndapereka kwa Gavril. Ndinamuitana, tinagwirana chanza pamaso pa akuluakulu a tchalitchi, ndipo za chiphaso ndasayina, Agripina atandigwira dzanja. Mapepala apita ndi ndege ya lero lomwe. Ndinachita dala kuti apite kalata ino isanakupeze, chifukwa ndimakudziwa, ndiwe mwana wa amayi ako. Ukabwera mu Meyi udzapeza palibe potchera.

Udzandikwiyira, ndipo kwiya. Ine ndinakuona uli ndi zaka khumi, nkhope itatupa, ukukoka ukonde uku ukulira, ndipo ndinanyada. Amayi ako sananyade. Usiku wake anandiuza kuti, "Uyu yekha achoke." Chaka chilichonse akamamanga mfundo zija ankawerengera mabuku ako, osati nsomba. Ine mu Januwale ndinaiwala zimenezo, ndinkangoona mwala. Maso ndataya chifukwa cha ukonde umenewu, ndipo akwana. Mwana sindiperekanso.

Pondipweteka pakundipweteka, sindikunamiza. Agogo ako ndidzakawayankha ndekha.

Ine bambo ako,
Larion

Wati ndisawonjezere, koma adziwa bwanji? Atachoka Gavril, bambo ako anandiuza kuti ndimutsogolere kumitengo kumene kuli ukonde. Ndinkayesa akufuna kutsanzikana nawo. Anatulutsa mpeni. Anayamba kumtunda, kupapasa mfundo ndi chala, kuisisita pang'ono, n'kuidula, kenako ina. Ndinati, "Bwanji osangompatsa Gavril wathunthu?" Anati, "Zingwe atenge. Mfundo amange zake." Anagwira tsiku lonse osadya, ndipo sanalole kuti ndimuthandize. Ine Agripina.

Larsen Bay
10 Juni 1984

Fedosia,

Moni mwana wanga. Tamva kwa mkulu wa sukulu yako kuti unabwerera ndipo wayamba m'chipatala. Tamva kwa iye, osati kwa iwe. Chichokere Malichi sunalembe ngakhale mzere. Ndiye kuti ukakwiya umangokhala duu? Magazi sanama, ndithu. Ine ndakalamba ndi anthu awiri ouma mitu, wina kuno wina uko, ndipo ndatopa kukhala pakati.

Bambo ako akupezako bwino. Diso lija layamba kusiyanitsa boti ndi mwala dzuwa likawala, koma nkhope ya munthu ayi. Amayenda yekha kuchokera kwanga kukafika kutchalitchi atagwira chingwe chimene Gavril anamumangira. Ndege ikatera amadziwa ndisanaimve ine. Safunsa ngati pali kalata. Amangofunsa kuti, "Kwabwera chiyani?" ndipo ine ndimati ufa ndi mabatire. Mulembere, Fedosia. Mutukwane ngati ukufuna, ndidzawerenga mokweza, sindidzadumpha liwu. Anakulanda mwala, inde, ndipo sanakufunse. Koma iwe sunaone chimene ndinaona ine dzulo.

Dzulo ndi limene anatsegulira salimoni. Kunacha bata, nyanja ili phee, tiofiira tating'ono tayamba kale kuoneka m'mbali mwa doko. Ndinali kukoleza moto pamene injini ya Gavril inalira kumunsi, ikulowera ku Mwala. Bambo ako anali pabedi. Anadzuka msangamsanga ngati mnyamata, napapasa pansi, napeza jombo zake, navala imodzi. Anaitana kuti, "Matrona, tachedwa!"

Kenako anakhala pamphepete pa bedi, jombo inayo ili m'manja, akumvetsera mpaka injini inazima kuseri kwa Mwala. Atatero anavula ija anavalayo, naziika pamodzi bwinobwino pansi pa bedi, n'kundifunsa ngati ndege ibwera Lachiwiri.

Azakhali ako,
Agripina